Mafulati a konkire a ku Britain: analakwa ndi omanga kapena osamalira?

Nachisale (Sheffield)
Mwaswera bwanji nonse a pagulu. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhalitsa kuno, makamaka odziwa za zomangamanga. Ukangotsika sitima pa siteshoni ya Sheffield n'kuyang'ana kumtunda, pali chinyumba cha konkire chokhotakhota chotenga chitunda chonse, dzina lake Park Hill. Agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito akuti banja lawo linalowa mmenemo iwo ali mtsikana, ndipo mayi awo analira ndi chimwemwe atatsegula mpope n'kuona madzi otentha akutuluka. Koma anzanga a kuntchito, obadwira konkuno, akuti amenewo anali malo a mbava ndipo akanangogumula. Kenaka ndikumva kuti boma linaiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa mu 1998, ndipo lero mafulati ake okonzedwanso akugulidwa ndi anthu a ndalama. Zoona zake ndi ziti?

Bambo a Tadala (Manchester)
Achemwali, anzanuwo sakunama ayi. Kuno ku Manchester kunali zina zotero, Hulme Crescents, zinyumba zinayi zopindika zomwe anamaliza mu 1972. Ine ndinafika atazigumula kale, koma ena mwa madalaivala achikulire amene ndimagwira nawo ntchito anakulira momwemo, ndipo palibe amene amazilira. Akuti mphemvu ndi makoswe zinkayenda m'mipata ya mapaipi kuchoka fulati ina kupita ina, moti ngakhale mayi waukhondo chotani sakanazithetsa. Makoma ankachita thukuta, zovala m'kabati kugwira chuku. Magetsi otenthetsera nyumba anakwera mtengo mafuta atavuta mu 1973, anthu n'kumangogona ozizidwa. Mu 1974 mwana anagwa kuchoka pakhonde la pamwamba n'kumwalira. Makolo anakwiya, khonsolo n'kuvomera kuti nyumbazo si zoyenera mabanja a ana. Zaka ziwiri zokha chitsegulireni! Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anazigwetsa zonse. Nyumba yosakwanitsa n'komwe zaka 25, imeneyo nyumba? Kwa ine, ojambula mapulani aja ankayesera nzeru zawo pa anthu osauka, iwo eni akugona m'nyumba za njerwa zokhala ndi kadimba kuseri.

Injiniya (Luton)
Bambo a Tadala, za Hulme sinditsutsa. Koma tione kaye kumene anthuwo ankachokera, apo ayi misozi ya amayi aja a ku Sheffield sitiimvetsa.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, mizinda yambiri inali yoswekasweka ndi mabomba, ndipo zambiri mwa nyumba za anthu apantchito zinali za m'zaka za m'ma 1800: tinyumba togundana misana, chimbudzi chimodzi panja cha mabanja angapo, kusamba m'beseni la lata pafupi ndi moto wa malasha. Zipani zazikulu zonse ziwiri, Labour ndi Conservative, zinkapikisana kuti ndani amange zambiri. A Conservative analonjeza nyumba 300,000 pachaka, ndipo chiwerengerocho chinakwana mu 1953 Harold Macmillan ali nduna ya zanyumba.

Nanga n'chifukwa chiyani zinapita m'mwamba? Ndalama. Lamulo la 1956 linati khonsolo ikamanga nyumba ya nsanjika zambiri, boma liziwonjezera thandizo pa fulati iliyonse, nyumba ikamakwera thandizonso likukwera. Malo m'mizinda anali ochepa, komanso makhonsolo sankafuna kuti anthu awo, omwe ndiwo ovota ndi okhoma msonkho, asamukire kunja kwa malire. Ndiye makontilakitala akuluakulu anabwera ndi njira yachangu: kuumbiratu makoma ndi pansi pa nyumba ku fakitale, kubwera nazo pa lole, kukweza ndi kireni, n'kulumikiza ndi mabawuti ndi simenti. Zinyumba zambiri zimene mumaziona ku Birmingham, Liverpool kapena Leeds sizinajambulidwe ndi akatswiri otchuka. Khonsolo inkangogula kwa kontilakitala pulani yomwe anali nayo kale.

Njira imeneyi inaululika pa 16 May 1968 ku Ronan Point, nyumba ya nsanjika 22 ku Newham, kummawa kwa London. Anthu anali atangolowamo miyezi iwiri yapitayo. Mayi wina pa nsanjika ya nambala 18 anayatsa machesi mmamawa kuti aphike tiyi, osadziwa kuti gasi anali akutuluka. Kuphulikako sikunali kwakukulu kwenikweni, mayiyo anapulumuka. Koma kunakankhira kunja khoma limodzi, ndipo khomalo ndi limene linkanyamula za pamwamba pake. Munalibe nsanamira zina zogwira nyumba, makoma anangosanjikizana ngati mmene ana amasanjira timabokosi ta machesi. Za pamwamba zinagwera za pansi, ngodya yonse inatsetsereka mpaka pansi. Anthu anayi anafa, 17 anavulala. Anaikonza, anthu n'kubwereramo. Katswiri wina, Sam Webb, sanaleke kunena kuti nyumbayo ndi yoopsa, ndipo mu 1986 khonsolo inaiphwasula pang'onopang'ono kuti aone mkati. M'malo ena olumikizira, mmene munayenera kukhala simenti, anapezamo nyuzipepala ndi zinyalala.

Mayi a Yankho (Leicester)
Nyuzipepala? Mayo ine. Anthu kumagona ndi ana pamwamba pa zimenezo.

Bambo a Tadala (Manchester)
Mwaonatu. A Injiniya mwandithandiza kunena.

Injiniya (Luton)
Ndakuthandizani pa theka lokha, bambo. Zimene ndafotokozazi ndi chinyengo cha pa ntchito ndi kusowa woyendera. Panalinso ziphuphu: John Poulson, wojambula mapulani, ndi T. Dan Smith amene anatsogolerapo khonsolo ya Newcastle, onse anamangidwa mu 1974. Koma Park Hill imene afunsa a Nachisale sinamangidwe motero. Ili ndi nsanamira ndi mitanda ya konkire yothiridwa pamalopo, mipata yake n'kutsekedwa ndi njerwa. N'chifukwa chake okonzanso aja anatha kuchotsa za mkati zonse n'kusiya mafupa a nyumba ali chilili. Anaijambula anyamata awiri, Jack Lynn ndi Ivor Smith, pansi pa Lewis Womersley, mkulu wa zomanga wa khonsolo ya Sheffield, ndipo inatsegulidwa mu 1961 ndi mafulati pafupifupi 1,000. Womersley yemweyo, ndi mnzake Hugh Wilson, ndi amene anadzajambula Hulme Crescents. Ganizo linali lomwelo la makonde aatali olowera m'makomo, koma ku Hulme anamanga mothamanga ndi moumira, ndipo sizinachedwe kuonekera.

Nachisale (Sheffield)
Makonde amenewo ndawayendamo. Ndi otakata zedi, ngati mamita atatu, ndipo agogo aja akuti kagalimoto ka mkaka kankadutsa mmenemo mmawa uliwonse kusiya mabotolo pakhomo. Khonde limapezeka pa nsanjika yachitatu iliyonse, ndiye pa khonde limodzi pali zitseko za okwera kupita kumtunda ndi za otsika kupita kumunsi. Chimene chinandigometsa ndi ichi: denga lonse lili pa mulingo umodzi, koma poti malowo ndi otsetsereka, kumtunda nyumbayo ili ndi nsanjika 4, kumunsi 13. Ukamayenda pakhonde osakwera sitepe ngakhale imodzi, umangozindikira wafika pansi kumapeto kwake. Akutinso khonsolo inayesetsa kuika anthu oyandikana kale makomo oyandikananso, ndipo makondewo anawapatsa mayina a misewu yakale ya pamalopo. Sukulu, mashopu ndi malo omwera zinali pomwepo. Munthu amene anaganizira zonsezi sankanyoza osauka ayi, bambo a Tadala.

Malume (Glasgow)
Aphwanga, mundilole ndilankhuleko, poti mzinda uno unamanga zinyumba zazitali mopanda mantha. Glasgow inali ndi kuthithikana koopsa. Ku Gorbals banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, kuphikira momwemo, kugona momwemo, chimbudzi chili pa masitepe. Khonsolo inati tithetse manyazi amenewa msangamsanga. Ku Red Road, pakati pa 1964 ndi 1969, anamanga zinyumba zisanu ndi zitatu, zina za nsanjika 31, zoti mukhale anthu pafupifupi 4,700. Mafupa ake anali achitsulo, ndipo pofuna kuteteza zitsulozo ku moto anazikuta ndi asbestos, amene anadzadwalitsa ena mwa amisiri omwe anagwira ntchitoyo.

Ine ndinazipeza zitakalamba, nthawi imene munaikidwa anthu othawa kwawo odikira mapepala. Tinkapita ndi a kumpingo kukaona mabanja a ku Congo ndi ku Zimbabwe. Ndimakumbukira tsiku lina la mphepo, mayi wina anandiitana kuti ndidzaone madzi m'beseni akugwedezeka okha, nyumba ikuweyuka pang'onopang'ono. Pawindo pake unkaona mapiri kutali, kukongola kwake kosaneneka. Koma pansi, chikepe chimodzi chinali chakufa, chinacho anthu atachita mzere ndi majumbo a zogula, agogo atakhala pa sitepe kudikira. Mwana akafuna kusewera, mayi ake akamuona bwanji ali nsanjika 25 m'mwamba? Akafuna kukodza, afika nthawi yanji?

Akuluakulu anafuna kuphulitsa zina mwa nyumbazo pa mwambo wotsegulira masewera a Commonwealth mu 2014, dziko lonse likuonera pa kanema. Anthu anakana zolimba, amvekere m'nyumba zimenezi tinabadwiramo, tinalirirapo maliro, si chionetsero. Anasiya. Zotsala anazigwetsa mu October 2015. Ndiye ndimamva mbali zonse ziwiri. Koma pa nkhani ya ana ndili ndi bambo a Tadala.

Nangozo (London)
Malume, mwafotokoza zogwira mtima. Koma ine ndifunse: ngati vuto ndi konkire ndi kutalika, bwanji Barbican ilibe vuto? Ili pakati penipeni pa London, pamalo amene mabomba anasesa mu 1940. Konkire yake ndi yakuda, yokhakhala, amisiri anachita kuigoba ndi zida kuti miyala ya mkati ionekere. Nsanja zake zitatu zimapitirira nsanjika 40, kuposa Red Road. Makonde oyendamo m'mwamba aliponso, osokoneza mpaka anajambula mzere wachikasu pansi kuti alendo asasochere. Chamberlin, Powell ndi Bon ndi amene anajambula, ndipo muli mafulati pafupifupi 2,000. Ndinagwirako ntchito yoyeretsa m'nyumba zina mmenemo. Chikepe chikafa mmawa, masana chadzuka. Pansi pa nsanja pali mlonda usana ndi usiku, amadziwa nkhope ya aliyense. Zinyalala amatenga pakhomo. Pakati pali dziwe, mabango, maluwa akulendewera m'makonde. Kusiyana kwake n'kwakuti Barbican anamangira anthu a malipiro abwino, ndipo ndalama yosamalira sinasowepo.

Chitsanzo china ndi Trellick Tower ku North Kensington, ya Ernő Goldfinger, nsanjika 31, yomalizidwa mu 1972. Imeneyi inali ya khonsolo. Mwini pulani ankafuna kuti pakhomo pakhale mlonda, akuluakulu anakana. Chitseko chinali chotsegula kwa aliyense, ndiye ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi achifwamba anasandutsa masitepe kukhala kwawo, amayi kumaopa kukwera chikepe okha. Anthu okhalamo anapanga bungwe lawo n'kuvutitsa khonsolo mpaka inaika zitseko zokhoma, ndipo mu 1987 inalemba mlonda. Sanasinthe khoma ngakhale limodzi, koma nyumbayo inakhazikika. Mu 1998 inatetezedwa, chaka chomwecho ndi Park Hill.

Bambo a Tadala (Manchester)
A Nangozo, zimenezo n'zoona koma zikundipatsa mphamvu ine. Ngati nyumba ikufuna mlonda, amakaniko a chikepe ndi ndalama zambiri chaka ndi chaka kuti munthu akhalemo bwino, ndiye si nyumba yomangira munthu wosauka. Wojambula anayenera kudziwa kuti khonsolo tsiku lina idzashota. Kanyumba ka njerwa ka mumzere, khonsolo ishote isashote, chitseko chako chimatulukira pamsewu, mwana umamuona pawindo, denga likadontha umakwera wekha. Kuno ku Hulme atagumula anabwezeretsa misewu wamba ndi nyumba zazifupi, ndipo anthu akukhala.

Nangozo (London)
Nanga msewu wamba sufuna ndalama? Magetsi a mumsewu, apolisi, otola zinyalala, okonza phula, zonsezo boma limalipira popanda wodandaula. Makonde a m'mwamba aja anali misewu, koma panalibe amene ankawatenga ngati misewu. Apolisi sankayendamo, babu likafa linkatha miyezi.

Injiniya (Luton)
Bambo a Tadala akhudza mfundo yeniyeni, ndipo akatswiri ena a nthawi yomweyo ankaganiza chimodzimodzi. Thandizo la nyumba zazitali lija linachotsedwa mu 1967, Ronan Point isanagwe n'komwe, ndipo zaka za m'ma 1970 zinatulutsa nyumba za khonsolo zimene ine ndimaziona kuti ndi zabwino koposa. Ku Camden mu London, Neave Brown anajambula Alexandra Road, yomalizidwa mu 1978: konkire yomweyo, koma nyumba zazifupi zosanjikizana mobwerera m'mbuyo, iliyonse ndi khonde lake lodzalapo maluwa, chitseko chilichonse chotsikira ku njira ya njerwa zofiira yopanda galimoto. Mbali yoyang'ana njanji anaikweza kuti itchinge phokoso la sitima.

Ku Byker, mu Newcastle, Ralph Erskine anatsegula ofesi yake pakati pa anthu omwewo, m'nyumba imene kale munali okonza maliro, chitseko chosatseka, aliyense kulowa kudzanena maganizo ake. Anamanga chikhoma chachitali cha mafulati cha njerwa zamitundumitundu, mawindo ang'onoang'ono kumpoto kumene kunayenera kudutsa msewu waukulu, makonde a matabwa kummwera kumene kuli dzuwa ndi mtsinje wa Tyne. Kuseri kwa chikhomacho kuli tinyumba tatifupi ndi timinda. Ngakhale apo si zonse zinayenda, poti ntchito inachedwa ndipo eni dera ambiri anabalalika asanalandire makiyi. Koma luso linali litapezeka. Chondipweteka n'chakuti pamene anaphunzira kumanga bwino ndi pamene boma linatseka mpopi wa ndalama.

Ndiwonjezere za kukula kwa zipinda. Lipoti la komiti ya Parker Morris la 1961 linaika miyezo ya malo amene banja liyenera kukhala nawo, malo osungira katundu ndi zotenthetsera, ndipo kuyambira 1969 nyumba zonse za khonsolo zinkayenera kutsata. Miyezoyo inathetsedwa mu 1980. Amene munalowapo m'fulati yakale ya khonsolo kenaka n'kulowa m'zatsopano zogulitsazi, mukudziwa kuti kabati yoika masutikesi imapezeka kuti.

Aphunzitsi (Lilongwe)
Ndikutsatira ndili kuno kumudzi, zikomo nonse. Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Ngati makhonsolo anamanga nyumba zochuluka chonchi, bwanji abale athu mukangofika kumeneko kulira kwanu ndi lendi? Mwana wa mchemwali wanga akuti theka la malipiro ake limathera pa chipinda chimodzi. Nyumba zonsezo zinapita kuti?

Malume (Glasgow)
Aphunzitsi, zinagulitsidwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi banja limodzi mwa atatu alionse ku Britain linkakhala m'nyumba ya khonsolo, ndipo kuno ku Scotland anali oposa theka. Sizinali za osauka okha: amisiri, madalaivala, anamwino, aphunzitsi anzanu. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa lamulo la Right to Buy, loti wochita lendi m'nyumba ya khonsolo atha kuigula motsika mtengo. Poyamba ankachotsera kuyambira 33 mpaka 50 pa 100 iliyonse malinga ndi zaka zimene wakhalamo, ndipo pambuyo pake pa mafulati zinafika 70. Pofika 1987 nyumba zoposa 1 miliyoni zinali zitapita. Makhonsolo sanaloledwe kugwiritsa ntchito ndalama zambiri za malondawo pomanga zina. Scotland inathetsa lamuloli mu 2016, Wales mu 2019.

Mayi a Yankho (Leicester)
Koma malume, tisanyoze kwambiri lamulo limeneli. Oyandikana nawo anga, bambo wopuma ntchito ya mufakitale ndi akazi awo, anagula yawo nthawi imeneyo. Amandiuza kuti m'banja mwawo monse, kuyambira agogo awo, panalibe amene anakhalapo ndi nyumba yakeyake. Tsiku limene anasaina, chinthu choyamba anasintha chitseko, poti za khonsolo zonse zinali za mtundu umodzi ndipo sunkaloledwa kupenta mmene ukufunira. Mpaka lero ukamayenda m'dera lathu umadziwa yogulidwa poona chitseko ndi mpanda. Ife Amalawi timadziwa kufunika kwa pako. Tonsefe tikutumiza ndalama za malata ndi simenti kumudzi chifukwa cha mtima womwewo.

Malume (Glasgow)
Mayi a Yankho, amene anagula sindiwada. Ndikanakhala ine ndikanagulanso. Mlandu ndikuuika pa kugulitsa osabwezeretsa. Ndipo taonani zimene zinagulidwa: nyumba zabwino za njerwa zokhala ndi dimba. Mafulati a m'mwamba, odontha ndi a chinyontho, anatsalira khonsolo. Nyumba zitachepa, khonsolo inayamba kupereka kwa okhawo ovutikitsitsa: osowa pokhala, odwala, malova. Nthawi yomweyo mafakitale akutsekedwa, kuno zombo, ku Sheffield zitsulo. Mukasonkhanitsa anthu opanda ntchito mazanamazana m'nyumba imodzi, n'kuchotsa wosamalira amene ankakhala pomwepo, n'kuchepetsa ndalama zokonzera, mukuyembekezera chiyani? Kenaka atolankhani abwera kudzajambula konkire n'kunena kuti ndiyo yalakwa.

Nangozo (London)
Ndipo zambiri mwa zogulidwazo lero zili m'manja mwa malandilodi. Fulati imene ndikukhala ine inali ya khonsolo. Woyandikana nane, khomo lotsatira, akadali wa khonsolo. Zipinda zofanana, mapaipi amodzi, koma lendi yanga ndi yoposa kawiri yake, ndipo iye sangachotsedwe chisawawa. Aphunzitsi, yankho la funso lanu ndi limenelo.

Nachisale (Sheffield)
Zikugwirizana ndi zimene ndimamva kuno. Akuti zaka zoyambirira pa Park Hill panali osamalira okhala pomwepo, ndipo amayi ankakolopa pakhomo pawo mpaka pakhonde. Zinthu zinatembenuka ntchito za zitsulo zitatha m'zaka za m'ma 1980. Koma chikundiwawa n'chakuti kampani ya Urban Splash itakonza, mafulati ambiri ndi ogulitsa, ena ndi a ana a ku yunivesite, a lendi yotsika ndi ochepa. Nyumba yapulumuka, koma zidzukulu za amene anawamangira aja sizingakwanitse kugulamo.

Mphwanu (Milton Keynes)
Akuluakulu, ndilowererepo pang'ono ngakhale ndine mwana. Si onse anakwezedwa m'mwamba, ena anatulutsidwa kunja. Kuno ku Milton Keynes kunali minda ndi timatauni tating'ono mpaka 1967 pamene boma linalamula kuti pamangidwe mzinda watsopano wa anthu 250,000, ambiri ochokera ku London. Anakana nyumba zazitali. Anajambula misewu ikuluikulu yopingasana, pafupifupi kilomita imodzi kuchoka pa wina kufika pa wina, ma roundabout pamphambano, mitengo yambirimbiri moti ukamadutsa nyumba suziona. Oyenda pansi ndi a njinga ali ndi tinjira tawo tofiira todutsa kunsi kwa misewu. Anthu a kwina amauseka mzinda uno, koma okhalamo ambiri amaukonda. Vuto ndi limodzi: ngati ulibe galimoto wagwa nayo. Ndisanagule yanga, shifiti ya usiku inkatanthauza kuyenda wapansi m'tinjira timeneto muli zii, poti basi imazungulira kwambiri.

Aphunzitsi (Lilongwe)
Mphwanga, ukunenazo ngati ukufotokoza Lilongwe. Bungwe lomanga likulu lino linakhazikitsidwa mu 1968, likulu n'kusamuka ku Zomba mu 1975. Mapulani ndi ngongole yoyambira zinachokera ku South Africa osati ku Britain, koma nzeru za nthawiyo zinali zofanana: madera otalikirana, mitengo pakati, maofesi kwaokha, nyumba kwazokha, poganiza kuti aliyense adzakhala ndi galimoto. Wa ku Area 25 wogwira ntchito ku Capital Hill ndi amene amalipira mtunda umenewo tsiku ndi tsiku.

Nangozo (London)
Pamene makhonsolo ankaletsedwa kumanga, kumanga sikunaime, kunangosintha mwini. Pitani ku Isle of Dogs, dera la madoko akale kummawa kwa London, mukaone. Madoko a London anafa chifukwa zombo za makontena zinkafuna madzi akuya, ntchito inasamukira ku Tilbury, ndipo pofika 1981 madoko akale onse anali atatsekedwa. Chaka chomwecho nduna Michael Heseltine anakhazikitsa London Docklands Development Corporation, bungwe losasankhidwa ndi anthu, n'kulipatsa mphamvu zovomereza mapulani zomwe zinali za makhonsolo. Omanga anapatsidwa mwayi wa misonkho. Kasitima ka m'deralo, ka DLR, kanayamba mu 1987, ndipo mu 1991 nsanja ya One Canada Square ya Cesar Pelli inatha, mamita 235, yaitali kuposa zonse m'dziko muno nthawi imeneyo. Chaka chotsatira kampani yomanga, Olympia & York, inagwa ndi ngongole. Lero ku Canary Wharf, pamene pali nsanjayo, kwadzaza mabanki ndi maofesi. Ukaima ku Poplar, mbali iyi magalasi akunyezimira, mbali iyo pamene panali Robin Hood Gardens, nyumba ya khonsolo yojambulidwa ndi Alison ndi Peter Smithson, imene anayamba kugumula mu 2017. Nyumba yosungira zakale ya V&A inadulako chidutswa n'kusunga. Kutalika kunaipa pamene kunali kwa anthu a khonsolo, kwa mabanki sikunaipe.

Bambo a Tadala (Manchester)
Komatu si ine ndekha wodana ndi zinyumba zimenezi. Mfumu Charles, ali kalonga, anadzudzula akatswiri a mapulani pamaso pawo mu 1984, pa phwando la bungwe lawo lomwe, mpaka pulani yowonjezera National Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi ya ku London, inatayidwa. Kenaka anamangitsa Poundbury ku Dorset kuyambira 1993, ya kamangidwe kachikale, ndipo nyumba za lendi yotsika anazisakaniza ndi zogulitsa moti sungazisiyanitse poyang'ana. Akatswiri amainyoza, koma anthu akukhamukirako. Ine ndikuti funsani wokhalamo, osati wojambula.

Malume (Glasgow)
Pa mawu omalizawo tagwirizana, mphwanga. Wokhalamo akanafunsidwa ku Red Road akanati ikani mabanja a ana pansi. Akanafunsidwa ku Trellick akanati tipatseni mlonda. Ku Grenfell, nsanja ya ku London imene inapsa ija, sanadikire kufunsidwa, analankhula okha, koma sanamveredwe.

Injiniya (Luton)
Grenfell ndi nkhani imene imandisowetsa tulo pa ntchito yanga. Nyumbayo inamalizidwa mu 1974, Ronan Point itaphunzitsa kale anthu, ndipo inali yolimba. Fulati iliyonse inali bokosi la konkire loti moto ukabuka uthere momwemo, n'chifukwa chake lamulo linali lakuti ena akhale m'nyumba zawo. Pokonzanso mu 2015 ndi 2016 anaikuta kunja ndi zikuto za aluminiyamu zokhala ndi pulasitiki mkati. Pa 14 June 2017 moto unayamba m'khitchini ya pa nsanjika yachinayi, unatulukira pawindo, n'kukwera ndi zikutozo mpaka pamwamba m'mphindi zochepa. Anthu 72 anataya miyoyo. Konkire ya 1974 inaima, chimene chinapha anthu ndi chovala chimene anaiveka.

Mayi a Yankho (Leicester)
A Injiniya, mwandiopsa. Yankho wapeza fulati pa nsanjika ya nambala 14 m'nyumba yakale ya khonsolo, akufuna kusaina sabata ino. Ndimuuze asiye?

Injiniya (Luton)
Ayi mayi, asasiye chifukwa cha kutalika kokha, koma afunse asanasaine. Afunse landilodi kapena oyang'anira nyumbayo ngati kunja kuli zikuto, ndipo ngati zilipo, ngati zinayezedwa kapena kusinthidwa chichitikireni za Grenfell. Apemphe kuona lipoti la chitetezo cha moto la nyumba yonse, limayenera kukhalapo. Afunsenso ngati nyumbayo ndi ya makoma oumbiratu ku fakitale aja, chifukwa zina zikadalipo. Ku Ledbury Estate kummwera kwa London anatseka gasi mu 2017 atapeza kuti nyumbazo sizinalimbitsidwe mmene zinayenera kukhalira, ndipo ku Bristol anthu a mu Barton House anatulutsidwa mwadzidzidzi mu November 2023. Ngati ndi ya mtundu umenewo, afunse ngati inalimbitsidwa, ndipo asalowetsemo silinda ya gasi ngakhale magetsi atadula chotani.

Zinazo aone ndi maso ake. Apite madzulo, osati masana okha. Akwere chikepe, atsike pa masitepe. Aone ngati zitseko za pa masitepe zikudzitsekera zokha, ngati m'makonde mulibe matiresi ndi njinga zotchinga njira, ngati chitseko cha pansi chimakhomeka. M'fulatimo asunthe kabati aone kuseri ngati kuli chuku, makamaka khoma loyang'ana kunja. Ndipo agogode kwa woyandikana naye, afunse kuti chikepe chikafa chimatenga masiku angati.

Mayi a Yankho (Leicester)
Zikomo kwambiri bambo. Ndamutumizira zonse, ndipo ndamuuza kuti Loweruka tipitira limodzi.